Kompyuta Ikakana Kutulutsa Mau

Nkhani yokambidwa kwa ophunzira a sukulu ya kwacha ku Usisya

Ndathokoza kuti mwasiya maukonde ndi minda ya chinangwa kudzamva nkhaniyi. Lero tikambirana za kompyuta imene yakana kutulutsa mau pa sipika.

Ndiyambe ndi zimene zinandigwera ine. Tsiku lina tinaitana anthu kudzaonera kanema wa kasamalidwe ka nsomba. Anthu anabwera ambiri. Tinalumikiza sipika ku laputopu. Zithunzi zinaoneka bwino, koma mau, zii! Anthu anadikira mpaka anabalalika. M'mawa mwake ndinanyamula zonse, ulendo wa ku Mzuzu. Msewu wathu wa m'mapiri mukuudziwa. Ndinataya ndalama ndi masiku awiri. Wokonza uja anangoyesa pang'ono n'kuseka. Kompyuta inali bwinobwino. Nthambo ndiyo inali itaduka m'kati.

Choncho musafulumire kunena kuti kompyuta yafa. Mau amayenda ngati madzi a m'paipi. Amachokera m'kompyuta, amadzera m'nthambo, n'kukafika ku sipika. Madzi akasiya kutuluka, timalondola paipi mpaka tipeze potsekeka. Ndi mau tichite chimodzimodzi.

Choyamba, yesani kompyuta payokha. Zulani nthambo ya sipika, ikani nyimbo. Laputopu ikaimba, ndiye kuti vuto lili kunja kwake. Ikakhala chete, yang'anani kachithunzi ka sipika. Pa kompyuta za Windows kamakhala m'munsi, kudzanja lamanja, pafupi ndi nthawi. Mukaona kamtanda pambali pake, mau atsekedwa. Dinani pamenepo ndipo kwezani mau. Kanema nayenso amakhala ndi pokwezera pakepake. Onani konseko.

Chachiwiri, onani moto wa sipika. Kodi kanyali kake kakuyaka? Ngati mumadalira sola ndi batire ya mavoti 12, kumbukirani kuti kukachita mitambo batire imafooka. Dziwaninso kuti kompyuta imatulutsa mau ofooka. Sipika zikuluzikulu ngati za kutchalitchi zimafuna ampulifaya pakati. Mukalumikiza popanda ampulifaya, simumva kanthu, kapena mumva kamau ka pansipansi.

Chachitatu, onani bowo limene mwalowetsamo nthambo. Kompyuta za patebulo zimakhala ndi mabowo atatu kumbuyo. Lobiriwira ndi lotulutsira mau. Lapinki ndi la maikolofoni. Labuluu ndi lolowetsera mau ochokera ku makina ena. Sipika yanu ipite ku lobiriwira. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi bowo limodzi lokha. Kankhani mutu wa nthambo mpaka ulowe wonse. Ukalowa theka, sipika imodzi yokha imalira.

Ku ampulifaya nako muonetsetse. Mitu iwiri, wofiira ndi woyera, ilowe polembedwa AUX kapena LINE. Musalowetse polembedwa MIC, chifukwa mau amabwera osasa. Kenaka tembenuzani kosankhira kaloze pa AUX pomwepo. Amayi ndi abambo, apa ndi pamene sukulu yathu imapindula. Kale zilembozi tinkangoziyang'ana. Lero tikuziwerenga tokha.

Chachinayi, yesani nthambo. Zulani ku kompyuta, lowetsani ku foni, ikani nyimbo. Sipika ikalira, nthambo ndi sipika zili bwino. Ikapanda kulira, bwerekani nthambo ina muyesenso. Kuno kunyanja tili ndi adani awiri, mchenga ndi chinyezi. Mchenga umalowa m'bowo, chinyezi chimabweretsa dzimbiri. Pukutani mutu wa nthambo ndi kansalu kouma. M'bowo musatokosemo ndi singano kapena msomali, ndipo musathiremo madzi. Mukamazula, gwirani mutu, musakoke nthambo.

Chachisanu, mwina kompyuta yatumiza mau kwina. Izi zimachitika kwambiri mukalumikiza TV kapena makina oonetsera kanema pakhoma. Nthambo ya HDMI imanyamula zithunzi ndi mau pamodzi. Ndiye kompyuta imatumiza mau ku makinawo, sipika yanu n'kukhala chete. Dinani pa kachithunzi ka sipika kaja. Mupeza maina a zipangizo zonse zimene mwalumikiza. Sankhani chimene mukufuna kuti chilire. Koma nthambo yakale ya VGA, ya mutu wabuluu wa timano 15, imanyamula zithunzi zokha. Mau amafuna nthambo yawoyawo.

Nanga sipika zopanda nthambo, za Bluetooth? Zimagwira bwino pa mtunda wa mamita 10 kapena kucheperapo, ndipo khoma limafooketsa mau. Nthawi zambiri sipika imakhala ikadali yogwirana ndi foni ya munthu wina. Mwina ndi ya mwana wanu amene anaimbira dzulo. Mupempheni azimitse Bluetooth pa foni yake, inu muyesenso.

Nthawi zina mau amatuluka, koma ndi phokoso ngati la njuchi. Zulani chaja cha laputopu mumvetsere. Phokoso likatha, ndiye kuti likuchokera ku chaja kapena ku inveta. Tchajani laputopu idzaze msonkhano usanayambe, ndipo nthambo ya mau italikirane ndi ya magetsi.

Zonsezi zikakanika, zimitsani kompyuta, muiyatsenso. Kawirikawiri zimenezi zokha zimathetsa vuto.

Chenjezo langa ndi ili. Musanalowetse kapena kuzula nthambo, tsitsani mau a ampulifaya mpaka pansi. Mukapanda kutero, pamamveka kuphulika kumene kungathe kuononga sipika. Sipika ndi yodula, abale anga.

Ngati mwayesa zonse koma sizikutheka, pamenepo ndiye pitani kwa wokonza, kaya ku Mzuzu pagalimoto, kaya ku Nkhata Bay pa Ilala. Lembani papepala zimene mwayesa. Nyamulani kompyuta, nthambo ndi chaja. Wokonza sadzataya nthawi, ndipo inu simudzalipira chinthu chimene sichinaonongeke.

Pomaliza, yesani zipangizo zanu lisanafike tsiku la msonkhano, anthu asanakhale pansi. Sungani nthambo ina yapadera m'kapepala ka pulasitiki. Ine ndikanakhala nayo tsiku lija, anthu aja akanaonera kanema wawo.