Nyali ya ABS Yoyaka ndi Kuzima Yokha

Pa mseu waukuru wa kum'mawa, wochedwa Great East Road, pali malo dzina lace Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, mtunda wosakwana makilomita 100 kucokera ku Lusaka. Malowa achuka cifukwa ca akasupe a madzi otentha amene atumphuka pafupi ndi mseu, ndipo apaulendo ambiri amaima pomwepo kuona nthunzi ndi kuongola miyendo. Koma woyendetsa galimoto ali ndi cifukwa cina coimira pa Chinyunyu. Kumbuyo kwace kuli Chongwe ndi Lusaka, kumene kuli amakaniko ndi masitolo a zitsulo. Kutsogolo kwace kuli mapiri, makhota ndi zitsetso zazitali zotsikira ku ulalo wa Luangwa. Munthu wokayika mabuleki ace ayenera kulingalira bwino asanapitirire pamenepa.

Nkhani ya lero iri ya kanyali kacikasu kolembedwa ABS. Magalimoto ambiri oyenda mu mseu uwu ndi akale, ogulidwa ku Japan atagwirako kale nchito, ndipo ocuruka a iwo ali nako kanyalika kutsogolo kwa woyendetsa. Kakayaka osazima nkhani yace njapafupi, pakuti makaniko apeza cobvutaco ciri pomwepo. Cosautsa ndi nyali imene iyaka lero nizima mawa. Iyaka galimoto ikagwa m'dzenje, nizima injini ikazimidwa ndi kulizidwanso. Ndipo tsiku lopita nayo kwa makaniko ingokhala cete, monga mwana wodwala amene acira pa khomo la cipatala.

Poyamba nkofunika kudziwa nchito ya makinawa. Gudumu limene lagwidwa kolimba ndi buleki lileka kuzungulira ndipo lingokwekwereka, ndipo galimoto yokwekwereka simvera ciongolero. ABS inapangidwa kuti iletse cimeneci. Makina otere oyendera magetsi pa magudumu onse anai anaikidwa ndi a Bosch m'magalimoto a Mercedes-Benz m'caka ca 1978, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 anali atafika m'magalimoto wamba. Pa gudumu pali mphete ya citsulo ya mano ambiri, ndipo pafupi nayo pali kacida ka maginito kochedwa sensa, kamene kawerenga manowo pamene apita. Kakompyuta kalandira uthenga wa magudumu onse ndi kuwayerekeza. Kakaona kuti limodzi lifuna kuima anzace akuzungulirabe, kamasula buleki ya gudumulo ndi kuigwiranso, kambiri mbiri pa sekondi imodzi. Ndico cifukwa cace copondera cinjenjemera pansi pa phazi munthu akaponda mwamphamvu pa mseu woterera. Kunjenjemerako si matenda iai, ndipo phazi lisacoke.

Tsono kakompyuta aka nkokayikira. Kakamva uthenga wosamveka, ngakhale kamphindi kakang'ono, sikafuna kugwira nchito mongoganiza. Kadzicotsa pa nchito, kayatsa nyali, ndi kusiya mabuleki wamba okha. Motero nyali yacikasu ikayaka yokha, galimoto iimabe monga zinaimira galimoto zakale, koma magudumu angathe kukwekwereka pa mvula kapena pa mcenga. Woyendetsa angathe kupitirira, acepetse liwiro ndi kusiya mpata waukuru pakati pa iye ndi wa kutsogolo. Nyali yofiira ndi nkhani yina. Imeneyo inena za buleki ya pamanja imene sinamasulidwe, kapena za mafuta a mabuleki amene acepa. Ndipo ziwirizi zikayakira pamodzi, kapena copondera cikafewa ndi kulowa pansi, ulendo wa ku Luangwa uthere pomwepo kufikira cobvutaco citapezeka.

Nyali yoyaka ndi kuzima imasakidwa monga nyama, poyang'ana mapazi ace. Woyendetsa wanzeru asunge m'mutu, kapena alembe, nthawi zimene iyaka. Kodi ndi m'mamawa poliza injini? Kodi ndi pokhota ciongolero mpaka kumapeto? Ndi pa mabampu, pambuyo pa kuoloka madzi, kapena injini ikatentha pa ulendo wautali? Mayankho a mafunso awa aposa ndarama zambiri zogulira zitsulo mongoyesa.

Ikayaka poliza injini m'mamawa, woyamba kufunsidwa ndi batire. Makina a ABS safuna magetsi ocepa, ndipo batire lokalamba limagwa mphamvu pa nthawi yoliza. Batire labwino lopumula lionetsa pafupi volts 12.6, ndipo injini ikulira pafunika kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5, zikapanda kutero, batire kapena alternator ndiye ali ndi mlandu. Mitu ya batire yocita mcere woyera, waya wa ku thupi la galimoto wogwedera, ndi fyuzi yosakhala bwino m'malo mwace, zonsezi zikonzeka popanda kugula kanthu. Matayala nawonso ayang'anidwe. Tayala logula kale kale la msinkhu wosiyana ndi anzace lizungulira pa liwiro lace lace, ndipo kakompyuta kangathe kuyesa kuti pali colakwa.

Koma kawiri kawiri mlandu uli pa gudumu, ndipo pano mpofunika kufatsa. Waya wa sensa ucokera pa gudumu kukwera ku thupi la galimoto, ndipo upindika nthawi iri yonse gudumu likakwera, likatsika kapena likakhota. Pa zaka 15 kapena 20 wapindika kosawerengeka, makamaka m'miseu ya dothi yopatuka pa tala kupita ku midzi ndi ku minda, kumene galimoto inyamula matumba a cimanga ndi makala pa mabampu okha okha. Tsiku lina timawaya ta mkuwa tiduka mkati, cikopa ca kunja ciri cabwino bwino. Galimoto ikaima nsonga zodukazo zikhudzana, ndipo nyali izima. Ikagwedezeka zitayana, ndipo nyali iyaka. Munthu woyang'ana ndi maso okha sadzaona kanthu. Njira yace ndi kukweza galimoto pa jeke, kuikapo cocirikiza colimba, kumasula polumikizira, kuika mita yoyezera magetsi pa nsonga ziwiri za sensa, ndi kupinda pinda wayayo ndi zala kuyambira ku gudumu mpaka kumwamba. Masensa akale a koilo amaonetsa kawiri kawiri pakati pa ohms 1,000 ndi 2,000, koma cofunika kweni kweni ndi kuti nambalayo ikhazikike ndi kufanana ndi ya gudumu la mbali yinayo. Ikalumpha pamene zala zafika pa malo ena, wodukayo wapezeka. Masensa a magalimoto atsopanoko amadya magetsi ndipo sayezedwa motere. Amenewo afuna makina owerengera.

Polumikizira paja payeneranso kuyang'anidwa mkati. Madzi a dzinja akalowamo asiya zobiriwira pa zitsulo, ndipo nyali yotere imakonda kuyaka masiku a mvula ndi kusowa m'cilimwe. Sensa yeni yeniyo, pokhala maginito, ikoka tizitsulo tonyenyeka pamodzi ndi matope, nivala ndebvu zakuda zimene zisokoneza kuwerenga kwace. Kuipukuta ndi nsaru nkokwanira. Poicotsa pafunika cifatso, pakuti yakale imamatirira ndi dzimbiri ndipo ithyoka msanga ikakanulidwa ndi citsulo. Dzimbiri lomwelo likamera pansi pace liikweza pang'ono kutali ndi mano, ndipo uthenga ufooka.

Uthenga wofooka uli ndi cizindikilo cace cimene ambiri sacizindikira. Galimoto iri pafupi kuima, pa tala wouma, poyenda pang'ono pang'ono, copondera ciyamba kunjenjemera ndipo galimoto ipitirira pang'ono malo amene woyendetsa anafuna kuimapo. Cacitika ndi ici: pa liwiro locepa sensa yofookayo yaleka kumva mano, kakompyuta kayesa kuti gudumu lagwidwa, nikamasula buleki yace. Nthawi zina nyali siyaka konse. Cimeneci cioopsa kuposa nyali yoyaka, makamaka pa malo oimira mabasi pamene ana ndi ogulitsa malonda athamangira ku mseu, ndipo sicifuna kudikira mwezi wa mawa. Mphete yong'aluka kapena yoguluka dzino icita cimodzimodzi. Beringi yakutha nayo igwedeza mpheteyo, kuifikitsa pafupi ndi kuitalikitsa. Izindikirika ndi kulira kwa mkokomo poyenda, ndi kugwedera kwa gudumu lokwezedwa likagwidwa pamwamba ndi pansi.

Mwai ulipo umodzi: kakompyuta sikaiwala. Ngakhale nyali yazima, kasunga nambala ya cobvuta cimene kanaona. Timakina totsika mtengo tambiri tiwerenga za injini zokha, motero mwini galimoto afunse makaniko ngati makina ace alowa ndithu m'ABS. Magalimoto akale a Toyota ali ndi njira yina. Makaniko alumikiza ndi kawaya nsonga zolembedwa Tc ndi E1 m'kabokosi koyezera, atsegula kiyi, ndipo nyali ya ABS iphethira nambala. Kuphethira katatu, kupuma, ndi kamodzi, ndiko 31, gudumu la kutsogolo ku dzanja lamanja. 32 ndi la kutsogolo kumanzere. 33 ndi 34 ndi a kumbuyo, lamanja ndi lamanzere. 41 anena za magetsi ocepa. Nambalayo isonyeza gudumu lokha, sinena kuti sensa yafa. Ambiri agula sensa yatsopano, nyali nibwerera pa sabata lomwelo, cifukwa cobvuta cinali m'beringi kapena polumikizira. Kakompyuta keni keniko kamadwalanso, malumikizo a mtobvu mkati mwace akang'aluka ndi kutentha, koma kayenera kuganiziridwa potsiriza, zina zonse zitayesedwa, popeza ndiko kokwera mtengo.

Pali mankhwala ena oipa amene ogulitsa magalimoto ena amawadziwa: kucotsa babu, kapena kumata kanyaliko kuti kasaoneke. Wogula galimoto yakale atsegule kiyi osaliza injini ndi kupenyetsetsa. Nyali ya ABS iyenera kuyaka masekondi owerengeka ndi kuzima yokha, pakuti pamenepo makina akudziyesa. Imene siyaka konse yatsekedwa pakamwa.

Ndipo woyendetsa amene wasankha kupitirira kum'mawa nyali yacikasu iri ciyakire akumbukire kuti pa zitsetso za ku Luangwa cimene cigonjetsa mabuleki ndi kutentha, kaya ABS igwira kaya sigwira. Mafuta a mabuleki amamwa cinyezi pang'ono pang'ono, ndipo okhalitsa zaka zoposa ziwiri amawira msanga, copondera nicilowa pansi wopanda kugwira kanthu. Atsike ndi giya yaing'ono, injini igwire galimoto, ndipo buleki aiponde mwa kanthawi ndi kuisiya kuti izizire.