Chilimwe Chafika: Khomo Lathu ndi Ntchito ya Mulungu

Mawu owerenga: Deuteronomo 16:13-15 ndi Eksodo 18:1-27

 

Abale ndi alongo, chilimwe chafika. Chimanga chalowa m'nkhokwe, nshawa zauma, thonje ndi soya zapita kumsika. Misewu imene inali matope mu Febuluwale tsopano njinga ikudutsa bwinobwino, ndipo m'thumba muli kandalama pang'ono. Ana atsekera sukulu mpaka mu Seputembala. Achibale a ku Lusaka ndi kumigodi akubwera kudzaona makolo. Ino ndiyo nyengo ya maukwati, ya ziliza, ya mpira wa pakati pa midzi, ya kuumba njerwa ndi kumweta udzu. Kumapeto kwa Ogasiti msewu wa ku Katete umadzaza ndi anthu opita ku Kulamba ku Mkaika.

Mpingo nawonso umadziwa kuti ino ndiyo nthawi imene anthu ali ndi mpata. Ndiye chifukwa chake misonkhano ya chitsitsimutso, ya amayi, ya achinyamata ndi ya makwaya, pamodzi ndi chopereka cha masika ndi ntchito yomanga tchalitchi, zonse zimaunjikana m'miyezi yomweyi mvula isanagwe. Munthu ndi mmodzi, Loweruka ndi limodzi pa sabata, koma oitana ndi ambiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Lero tifunse: kodi Mkhristu ayende bwanji m'nyengo ino kuti asataye banja lake, ndiponso asataye Mulungu wake?

Tiyeni tione nyumba ziwiri zimene zimapezeka m'midzi yathu yambiri.

M'nyumba yoyamba, bambo ndi mkulu wa mpingo, mayi ndi mtsogoleri wa amayi. Loweruka lino bambo ali kumsonkhano wa akulu a mpingo. Sabata yamawa mayi achoka masiku anayi kupita kumsonkhano wa chigawo. Akangobwerako, kuli mapemphero a usiku wonse. Ana akhala pakhomo mwezi wathunthu wa tchuthi, koma masiku amene adya nsima pamodzi ndi makolo onse awiri ndi owerengeka pa dzanja limodzi. Mtsikana wa zaka 15 ndiye akuphika, kutunga madzi ndi kulera ang'ono ake, ndipo palibe amene akudziwa kumene amapita dzuwa likalowa. Denga lija linkadontha chaka chatha silinafoleredwe. Kutchalitchi aliyense akuyamikira banjali, koma ana ake ayamba kuona mpingo ngati mdani amene anawalanda makolo.

M'nyumba yachiwiri, kuyambira tsiku limene ndalama za chimanga zinalowa, mpando wawo m'tchalitchi uli wopanda munthu. Lamulungu lino ali ku ukwati, linalo ali kumsika ndi matimati, linalo akuotcha njerwa, linalo alendo abwera. Palibe tsiku limene anakhala pansi n'kunena kuti tisiye kupemphera. Zangochitika pang'onopang'ono, monga mmene moto umazimira ukasowa wosonkhezera. Akadzazindikira, mvula yagwa, khasu lagwira, ndipo chifukwa chatsopano chapezeka.

Nyumba ziwirizi zikuoneka zosiyana, koma nthenda yake ndi imodzi. Zonse ziwiri zaika banja mbali ina ndi Mulungu mbali ina, ngati kuti popatsa mmodzi uyenera kumana mnzake. Kodi Mulungu anakonza zotero?

Tamvani zimene analamula Aisraeli pa Deuteronomo 16. Akatha kututa tirigu ndi mphesa, ankayenera kuchita madyerero a misasa masiku asanu ndi awiri. Imeneyi inali nyengo yonga yathu ino: nkhokwe zadzaza, ntchito ya kumunda yayamba yaima. Mulungu sanawauze kuti asasangalale. Anawalamula ndithu kuti akondwere. Koma taonani anthu amene anawatchula kuti akhalepo pa chikondwererocho: mwini nyumba, mwana wake wamwamuna, mwana wake wamkazi, antchito ake, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Ana ali pomwepo. Mlevi, amene ndi mtumiki wa m'nyumba ya Mulungu, ali pomwepo. Osauka a m'mudzi ali pomwepo. Chakudya cha banja, chipembedzo ndi chifundo zonse zinali pa mphasa imodzi. Ndipo Levitiko 23 akutiuza chifukwa chimene ankagonera m'misasa: kuti ana ndi zidzukulu adziwe mmene Mulungu anasungira makolo awo powatulutsa ku Ejipito. Tchuthi chawo chinali sukulu ya chikhulupiriro, ndipo aphunzitsi ake anali makolo.

Choncho mfundo yathu lero ndi iyi: khomo lanu ndilo mpingo woyamba umene Mulungu anakupatsani kuti muwete. Mukamasamala ana anu mwa Ambuye, simunachoke pa ntchito ya Mulungu. Ndipo mukamapita kunyumba ya Mulungu, musasiye banja kumbuyo ngati katundu wolemetsa.

Ndiyambe ndi inu atumiki a mpingo, akulu, madikoni, atsogoleri a amayi ndi a kwaya, ndiponso ife abusa. Pa Eksodo 18 tikupeza Mose ali m'chipululu ndi khamu la anthu. Mkazi wake Zipora ndi ana ake awiri, Gerisomu ndi Eliezere, sanali naye, anali kwa apongozi ake a Yetero. Anali a Yetero amene ananyamuka n'kumubweretsera banja lake. M'mawa mwake, mkazi ndi ana atangofika kumene, Mose anakhala pansi kuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Apongozi aja anayang'anitsitsa, kenaka anamuuza mosabisa kuti njira imeneyi si yabwino, idzamufooketsa iyeyo pamodzi ndi anthu omwe. Anamulangiza kuti asankhe amuna oopa Mulungu ndi odana ndi ziphuphu, ena ayang'anire anthu 1,000, ena 100, ena 50, ena 10, ndipo kwa iye kuzibwera milandu yovuta yokha. Mose, munthu amene ankalankhula ndi Mulungu, anamvera apongozi ake.

Ngati Mose sanathe kusenza yekha, ndife yani ife? Mutu umodzi susenza denga. Mwina muli m'makomiti anayi chifukwa mumaganiza kuti inu mukachoka zinthu ziima. Mwinanso ziima chifukwa simunaphunzitsepo wina aliyense. Kupatsako mnzanu ntchito si ulesi. Kuuza mpingo kuti Loweruka lino ndili ndi ana anga si kubwerera m'mbuyo. Paulo polembera Timoteo anafunsa kuti munthu wolephera kuyang'anira nyumba yake angasamale bwanji mpingo wa Mulungu. Mayeso a mkulu wa mpingo amayambira pakhomo pake.

Pali chinanso chimene tiyenera kudzifunsa mwakachetechete. Pa Marko 7 Ambuye Yesu anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo ndi Korban, ndiko kuti choperekedwa kwa Mulungu, pofuna kuzemba kuthandiza atate ndi amayi awo. Nthawi nayonso tikhoza kuitcha Korban. Alipo bambo amene amakonda misonkhano chifukwa kunyumba kuli nkhani imene sakufuna kuikamba ndi mkazi wake. Alipo mayi amene amapeza ulemu kumpingo, pomwe apongozi ake okalamba akugona ndi njala kuseri kwa nyumba. Mulungu salandira nsembe imene tabera anthu amene anatipatsa kuti tiwasamale.

Tsopano ndibwere kwa inu a m'nyumba yachiwiri ija. Musaganize kuti mwapeza pobisalira. Mneneri Hagai analankhula kwa anthu amene anabwerako ku ukapolo ku Babulo, m'mwezi wachisanu ndi chimodzi wa Ayuda, umene umagwa cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Anthuwo ankati nthawi yomangira nyumba ya Mulungu sinakwane, chonsecho nyumba zawo anali atazikonza bwino. Mulungu anawauza kuti aganizire njira zawo: ankafesa zambiri n'kukolola zochepa, ndipo malipiro awo ankatha ngati aikidwa m'thumba lobooka. Kodi thumba limeneli sitilidziwa? Ndalama za chimanga zimalowa mu Ogasiti, pofika Okutobala palibe ngakhale ya fetereza. Ukwati si tchimo, pakuti Yesu mwini anapita ku ukwati ku Kana. Njerwa si tchimo, mpira si tchimo. Koma mwana amaphunzira ndi maso. Akaona kuti chilichonse chikhoza kugonjetsa tsiku la Ambuye, adzakula akudziwa kuti Mulungu ndi wa nthawi ya njala ndi matenda basi.

Nanga tichite chiyani? Ndikupatseni zinthu zisanu zimene banja lililonse lingathe, ngakhale losauka.

Choyamba, khalani pansi sabata inoyi, bambo, mayi ndi ana okulirapo, kapena agogo ngati ndiwo akulera. Tengani kalendala kapena pepala la m'kope. Lembani misonkhano ya mpingo, maukwati, ziliza, masiku a njerwa, a udzu ndi a kudimba. Mudzaona ndi maso anu kuti zonse sizingatheke. Sankhani pamodzi, mutapemphera. Chitani chimodzimodzi ndi ndalama: patulani za Mulungu, za sukulu, za mbewu ndi fetereza, ndipo zotsala ndizo za maulendo ndi zovala.

Chachiwiri, makolo onse awiri asachoke pakhomo usiku umodzi popanda munthu wamkulu wodalirika wotsala ndi ana. Mayi akapita kumsonkhano, bambo atsale, ndipo kuphikira ana ake sikumuchotsera ulemu. Tikudziwa tonse kuti sukulu zikatsegulira pamakhala atsikana ena amene sabwereranso m'kalasi chifukwa cha mimba za pa tchuthi, ndi anyamata amene aphunzira mowa. Ena mwa iwo ndi ana a atsogoleri a mpingo. Ngakhale achinyamata akupita kukwaya kapena kumapemphero a usiku, funsani amene akuwaperekeza, kumene akagone ndi nthawi yobwerera.

Chachitatu, yatsaninso guwa la pakhomo. Madzulo a chilimwe ndi aatali, ndipo tonse timasonkhana pamoto kapena pabwalo. Mukatha kudya, mwana amene ali pasukulu awerenge ndime zingapo, muimbe nyimbo imodzi, agogo afotokoze mmene Mulungu anawapulumutsira m'chaka cha njala, wina atseke ndi pemphero. Sizitenga nthawi yoposa yophikira ndiwo zamasamba. Mafoni ayambe akhala pansi. Deuteronomo 6 amauza makolo kuti aziphunzitsa ana mawu a Mulungu pokhala m'nyumba, poyenda m'njira, pogona ndi podzuka. Ndiye kuti ngakhale pothirira repu kudimba kapena pokankha njinga pa chitunda, phunziro likhoza kuchitika.

Chachinayi, mukapita kukacheza, Mulungu musamusiye kumudzi. Ngati Lamulungu lakupezani ku Petauke, ku Chadiza kapena ku Lundazi, funsani kumene Akhristu amasonkhana, mupite ndi ana anu. Alendo akakufikirani, musajombe chifukwa cha iwo. Auzeni mwaulemu kuti pakhomo pano timayamba tapita kutchalitchi, tiyeni tipitire limodzi, nkhuku tidzadya pobwera.

Chachisanu, tumikirani pamodzi. Kumbukirani mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye a pa Deuteronomo 16 aja. Pomweta udzu, onjezani mitolo iwiri ya agogo amene alibe wowafolerera. Poumba njerwa zanu, patulani tsiku limodzi la njerwa za tchalitchi, ndipo anyamata anu apite nanu. Pokaona odwala, mwana wanu wamkazi asenze kaufa. Tsiku lotere simunasankhe pakati pa banja ndi mpingo, chifukwa mwapatsa onse awiri, ndipo mwana sadzaiwala.

Mawu amodzi kwa mabungwe a mipingo yathu. Pokonza ndondomeko ya nyengo ino, musadzaze Loweruka lililonse. Siyani masabata ena opanda msonkhano, ndipo lengezani poyera kuti amenewo ndi a mabanja. Pa Marko 6, atumwi atabwerako kokalalikira, anthu anachuluka mpaka analibe mpata wodyera, ndipo Yesu anawatengera kumalo a okha kuti akapumule. Mbuye wathu sakondwera ndi antchito olefuka ndi mabanja osweka.

Abale ndi alongo, mvula ya Novembala sili kutali. Ana abwerera kusukulu posachedwa, ndipo ena a iwo chaka chamawa sadzakhalanso pakhomo. Nkhokwe ikatha tidzalimanso, koma zaka za ubwana sizibwerera. Masiku amene atsalawa muwagwiritse ntchito bwino.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha zokolola, chifukwa cha ana athu ndi chifukwa cha mpingo wanu. Tipatseni nzeru zogawa masiku athu. Atumiki anu amene atopa, apatseni owathandiza. Amene atalikira nyumba yanu, abwezeni mwachifundo. Tetezani anyamata ndi atsikana athu pa tchuthi chino, sungani onse a paulendo, ndipo kumbukirani amasiye ndi okalamba. Makomo athu akhale malo amene dzina lanu limatchulidwa m'mawa ndi madzulo. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.