MLENDO PA SITIMA YA KU DAR ES SALAAM

Nkhani ya lero inena za munthu wa ku Migodi amene afuna kupita ku Tanzania pa sitima ya pamtunda. Njanji ya TAZARA inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la China kuyambira 1970 kufikira 1975, ndipo utali wace ndi makilomita 1,860. Icokera pa Kapiri Mposhi, nipyola pa Serenje, Mpika ndi Kasama, kufikira pa Nakonde pamene pali malire. Wapaulendo agona m'sitima usiku uwiri, ndipo sitima ikacedwa, monga icita kawirikawiri, agonamo kacitatu.

Cifukwa cace munthu wanzeru atenga kamba ndi madzi akumwa okwanira. M'sitima muli cipinda codyera, ndiponso pa masiteshoni akazi abwera pa mazenera ndi nthoci, nshawa ndi mazira ophika. Koma akangodutsa pa Nakonde kulowa m'Tunduma, Kwacha yace iribenso mphamvu, pakuti kumeneko agula ndi mashilingi. Asinthe ndarama pa malire, naziwerenge bwino asanapereke zace. Asunthenso wochi yace, popeza nthawi ya ku Tanzania iri patsogolo ndi ora limodzi.

Tsono apa ndipo payambira ulendo weniweni, cifukwa Cinyanja ndi Cibemba zatsala m'mbuyo. Anthu alankhula Ciswahili. Mau owerengeka apulumutsa mlendo ku njala: nsima ndiyo "ugali", mpunga wophika ndiwo "wali", madzi ndiwo "maji", cipinda ndico "chumba". Pofunsa mtengo anena "Bei gani?" Koma asanafunse kanthu ayambe wapereka moni, ndipo kwa wamkulu anene "Shikamoo". Wogulitsa amene walandira ulemu sacedwa kulongosolera mlendo njira.

Ku mapiri a Mbeya kuzizira usiku, cotero jekete isatsale kunyumba. Kutsogolo njanji itsikira ku cigwa ca Kilombero, nipyola m'nkhalango ya Nyerere, m'mene nyama zioneka pa zenera ngati sitima idutsamo kukali kowala.

Bvuto lalikuru liri pofika. Siteshoni ya TAZARA iri kunja kwa pakati pa mzinda, ndipo sitima yocedwa ikhoza kufika pakati pa usiku. Munthu wosadziwa kokagona ndiye atsata aliyense womunyamulira katundu, nataya katundu ndi pasipoti pamodzi. Ncabwino kuti adziwiretu dzina la nyumba ya alendo asanacoke kwao, nalilembe pa pepala. Ku Kariakoo, kumene amalonda ambiri agula katundu wao, ziriko nyumba zotere zambiri. Apangane mtengo ndi woyendetsa galimoto asanakwere, ndipo aone cipinda asanalipire, ngati citseko cikhomeka ndi ngati muli neti, pakuti ku gombe kutentha ndipo udzudzu ucuruka.

Akuru anati safunsa anadya phula. M'dziko la eni mlendo adya ndi kugona cifukwa ca pakamwa pace.