Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsegulira Chipinda cha Makompyuta

 

Mwandiitanira kudula riboni, ntchito ya kamphindi chabe. Koma poti mwandipatsa mpando wakutsogolo, ndiloleni ndikambeko za phunziro limodzi lomwe makompyuta awa akhoza kulitembenuza, lomwe ndi mbiri ya dziko lathu.

Ambiri a ife mbiri tinaiphunzira poloweza. Aphunzitsi ankalemba zaka pabolodi, ife n'kukopera, n'kukazibweza pamayeso. Zikalata zenizeni zomwe olemba mabukuwo ankawerenga zinali kutali, zina ku Zomba, zina ku London, ndipo ankazigwira ndi akatswiri okhaokha. Lero zina mwa izo zalowa m'chipinda chino kudzera pa intaneti.

Titenge nkhani ya pa 3 Malichi 1959, yomwe timaikumbukira chaka ndi chaka. M'bandakucha wa tsikulo bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza malamulo a pangozi, Dr Banda anatengedwa kupita kundende ya ku Gwelo, ndipo anthu oposa 1,000 a chipani cha Nyasaland African Congress anatsekeredwa. Ku Nkhata Bay asilikali anawombera khamu la anthu lomwe linasonkhana padoko pomwe panali sitima ya Mpasa, mmene munali abale awo omangidwa. Boma linati linachita zonsezi chifukwa Congress inakonza chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Mwana woloweza amathera pomwepo.

Koma boma la Britain linatumiza woweruza milandu, Patrick Devlin, kuti adzafufuze. Lipoti lake, lomwe linatuluka mu Julaye chaka chomwecho, linapeza kuti nkhani za ziwawa zinkakambidwadi, koma chiwembu chokonzedwa bwinobwino chopulula anthu panalibe. Linawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay, ndipo linanena poyera kuti Nyasaland, ngakhale kwa kanthawi, inasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Akuluakulu a ku London sanakondwe nalo. Anathandiza Armitage kulemba yankho lake lotsutsa, n'kulitulutsa pamodzi ndi lipotilo. Pa 28 Julaye aphungu a nyumba ya malamulo ya kumeneko anatsutsana kwambiri za ife, ndipo zomwe aliyense anayankhula zinalembedwa mu Hansard, yomwe lero ili pa intaneti, yaulere. Mwana wa Fomu 3 akhoza kukhala pampando uwo, n'kudziwerengera yekha amene anatiikira kumbuyo ndi amene anaikira kumbuyo mfuti.

A Gogo Chalo, amene ali nafe pano, andivomereza kuti pabwalo mlandu sugamulidwa wodandaula akangotha kuyankhula. Mfumu imafunsa kuti mboniyi ndi ndani, inali poti pamene zinkachitika, ndipo ipindula chiyani tikaikhulupirira. Chikalata chakale muzichifunsa chimodzimodzi. Kukalamba kwa pepala, ngakhale chidindo cha boma, sikutsimikiza kuti zolembedwazo ndi zoona. Devlin yemweyo, ngakhale ndamuyamika, anali woweruza wa atsamunda, ndipo anthu a ku Nkhata Bay mpaka lero amatchula chiwerengero choposa chake.

Nkhani ya John Chilembwe ndi chimodzimodzi. Kuukira kwa pa 23 Januwale 1915 kutazimitsidwa, boma linakhazikitsa bungwe lofufuza, ndipo Amalawi ena anaima pamaso pa bungwelo n'kunena za thangata, za malipiro, ndi za kukakamizidwa kuvulira mzungu chipewa. Umboni umenewo anausonkhanitsa m'buku John McCracken mu 2015. Koma powerenga kumbukirani kuti anthuwo ankayankhula anzawo atangonyongedwa kumene. Munthu wotero amasankha mawu, ndipo zomwe sananene nazonso n'zofunika kuzimva.

Malo ofufuzira alipo ndithu. Makalata ndi zolemba za David Livingstone zili pa Livingstone Online. Nyumba yosunga zikalata ya ku Kew, ku London, ili ndi mndandanda womwe mungafufuze muli pompano, kuphatikizapo mafayilo a maiko a atsamunda omwe Britain inabisa zaka zambiri n'kuyamba kuwatulutsa mu 2012, itapanikizidwa ndi mlandu wa anthu a ku Kenya. Za mauthenga a pa WhatsApp opanda dzina la wolemba, okhala ndi chithunzi chosadziwika kochokera, sinditayapo nthawi. Aphunzitsi, chonde, mwana akabweretsa zotero, mufunseni kumene wazitenga, ndipo asakhale pansi asanayankhe.

Tsopano mawu anga kwa inu makolo. Zomwe zili pa intaneti ndi gawo lochepa, ndipo zambiri mwa izo analemba ndi alendo. Mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba, zikalata zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda n'kusanduka phulusa. Nyumba yathu yosunga zikalata ku Zomba inayamba mu 1947, ndipo zochuluka za mmenemo zikadali pamapepala. Nanga mbiri ya mudzi uno ili kuti? Ili m'makaundula a ubatizo kutchalitchi, m'mabuku a milandu kwa amfumu, m'makalata a amuna omwe anapita ku Joni ndi ku Halale, omwe ena mwa inu mukuwasunga pansi pa sutikesi. Ili m'mitu ya agogo amene anaona njala ya 1949, ndiponso ya inu amene munaima pamzere wa referendamu pa 14 Juni 1993. Samuel Ntara polemba Mbiri ya Achewa anadalira zomwe akuluakulu anasimba, ndipo analibe foni yojambula mawu.

Choncho ndikupempha komiti ndi aphunzitsi kuti teremu ino mwana aliyense wa kalasi ya mbiri akacheze ndi wachikulire mmodzi, atapempha chilolezo mwaulemu. Ajambule mawu, alembe dzina, tsiku ndi malo, ndipo zonsezo zisungidwe pa makompyuta awa komanso pena, poti makina amawonongeka ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Amene muli ndi makalata akale, abwerekeni kusukulu, ana awajambule inu muli pomwepo, mubwerere nawo kunyumba tsiku lomwelo.

A Gogo Chalo, ndi chilolezo chanu, ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa.