NDALAMA ZOPITIRIRA PA MALIPIRO: TICHITE NAZO CHIYANI?

Nkhani yokambidwa kwa akhristu a ku Mbungo, pa chilumba cha Likoma



Ntchito ndi yosowa masiku ano. Mwana wa pakhomo akalembedwa ntchito, kaya pa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno, kaya ku khonsolo, ku sukulu, m'sitima, kapena kumtunda ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu, banja lonse limapuma. Nkhani yathu lero ikukhudza malipiro oyamba a munthu wotereyu. Tiyerekeze kuti adagwirizana ndi bwana wake kuti azilandira K150,000 pamwezi. Mwezi watha, watsegula envulopu kapena waona uthenga pa foni, ndipo wapeza K210,000. Palibe amene wamuuza chifukwa chake. Kunyumba ufa watha, fizi ya mng'ono wake ikudikira, ngongole ya ku golosale nayo ilipo. Kodi K60,000 yapamwambayi achite nayo chiyani? Ambiri anganene kuti ndi mwayi. Tisanavomereze, tiyeni tiyambe taiona bwino nkhaniyi.

1. KODI NDALAMA ZOTEREZI ZIMACHOKERA KUTI?

Poyamba, zikhoza kukhala zanu ndithu. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo ola lililonse loonjezera liyenera kulipiridwa mwapadera. Ngati mumalandira K800 pa ola, ola la ovataimu pa tsiku wamba ndi K1,200, pomwe pa tsiku lanu lopuma kapena pa tchuthi cha boma ndi K1,600. Mwinanso mudayamba ntchito pakati pa mwezi wathawo, ndiye akuphatikizirani masiku aja. Mwina ndi alawansi ya ulendo kapena ya nyumba.

Chachiwiri, zikhoza kukhala mphatso. Mabwana ena amapereka bonasi pa Khirisimasi. Pa malo ogona alendo, ndalama zimene alendo amasiya pothokoza nthawi zina amazisonkhanitsa n'kugawana onse. Alovi nawo amadziwa kuti usipa ukaphedwa wambiri, mwini chilimira amatha kuonjezerapo pa gawo lao.

Chachitatu, zikhoza kukhala ngongole. Bwana wakupatsani adivansi poona kuti ndinu watsopano, koma adzadula mwezi wamawa.

Chachinayi, kalaliki walakwitsa. Walemba nambala molakwika, watumiza kawiri, wakupatsani za mnzanu wa dzina lofanana ndi lanu, kapena waiwala kudula msonkho wa PAYE ndi ndalama ya penshoni. Kumbukirani kuti kuyambira mu 2011 lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azisonkha K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo bwana aziikapo K10. Mukalandira malipiro onse osadulidwa kanthu, musafulumire kukondwa. Mwina penshoni yanu ya ukalamba ndi imene sikusonkhedwa.

Chachisanu, ukhoza kukhala msampha. Za ichi tikambapo patsogolo pang'ono.

Njira zisanu zonsezi zimaoneka chimodzimodzi m'thumba. Kungoyang'ana ndalamazo simungadziwe kuti zachokera ku njira iti. Makolo adati safunsa anadya phula.

2. ZIMENE LAMULO LIMANENA

Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994, pa ndime 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la za ntchito lija limaonjezerapo zinthu zitatu zimene aliyense ayenera kuzidziwa.

Choyamba, bwana ayenera kukupatsani chikalata chofotokoza ntchito yanu ndi malipiro anu mukangoyamba ntchito. Chachiwiri, pa malipiro alionse muyenera kulandira kapepala koonetsa ndalama zonse, zimene zadulidwa, chifukwa chodulira, ndi zotsala. Ambiri timakatcha peyisilipi. Kufunsa kapepala kameneka si mwano ai, ndi ufulu wanu. Chachitatu, lamulo limaika malire pa zimene bwana angadule pa malipiro a munthu. Sangangodzuka n'kukulandani mmene akufunira.

Koma ufulu umayenda ndi udindo. Ndalama imene yabwera kwa inu molakwika imakhalabe ya mwini wake, ndipo akazindikira ali ndi mphamvu yoitanitsa. Kunena kuti "ndadya kale" sikufafaniza ngongole. Ndipo ngati zidzaoneka kuti mudadziwa bwino lomwe kuti si zanu koma mudabisa dala, nkhani ikhoza kufika ku polisi. Malamulo athu amalanga kwambiri wantchito wobera bwana wake kusiyana ndi wakuba wamba, chifukwa iyeyo adapatsidwa chikhulupiriro.

3. WATSOPANO ASAMALE KOPOSA

Anthu ambiri a luso amayamba ntchito ndi nyengo yoyesedwa. Lamulo limalola kuti nyengoyi ifike mpaka miyezi 12, ndipo m'kati mwake bwana akhoza kuthetsa ntchito popanda kupereka notisi. Taganizani tsono: munthu wakhala zaka zitatu akufunafuna ntchito, n'kuitaya mwezi wachiwiri chifukwa cha K60,000. Malipiro a chaka chonse, K1,800,000, apita chifukwa cha ndalama yosakwana ngakhale theka la mwezi umodzi.

Palinso za mbiri. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu pafupifupi 14,500 m'boma lonse la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu. Tonse timadziwana. Nkhani yochitika m'mawa ku Mbamba, madzulo yafika kale ku Mbungo, ndipo Ilala ikanyamuka imaitengera kumtunda. Kuyambira pamene amishoni a UMCA adakhazikika pa chilumba chino mu 1885 ndi kutsegula sukulu, ana a ku Likoma adatchuka ngati aphunzitsi ndi makalaliki, osati m'Malawi mokha komanso m'maiko oyandikana nafe. Kalaliki amagwira mabuku ndi ndalama za anthu ena, ndipo salembedwa ngati sakhulupirika. Mbiri imeneyi adatisiyira ndi makolo athu. Mmodzi akaiipitsa, amatsekera khomo ang'ono ake amene adzafune ntchito pa malo omwewo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

4. MSAMPHA: PHUNZIRO LA CASHGATE

Pa 13 Sepitembala 2013, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, adaomberedwa ndi mfuti ku Lilongwe. Zitatero, kudavumbuluka kubedwa kwa ndalama za boma kumene tonse timakutcha Cashgate. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly atafufuza mabuku, adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013. Njira yake inali yotere: macheke ankalembedwa kupita ku makampani amene sadagulitse kanthu ku boma ndipo sadagwire ntchito iliyonse. Ndalama zikalowa mu akaunti, ankazitapa ku banki n'kugawana.

Treza Senzani, yemwe anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 3 mu 2014. Oswald Lutepo, munthu wa bizinesi, adapatsidwa zaka 11 mu 2015. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lao la ku bajeti, pomwe nthawi imeneyo ankapereka pafupifupi K40 pa K100 iliyonse imene boma linkagwiritsa ntchito. Amene adamva kuwawa ndi ife anthu wamba m'zipatala ndi m'sukulu.

Mwina mukuti nkhani za mabiliyoni zikutikhudza bwanji kuno. Njira yake ndi yomweyo, kusiyana ndi kukula kokha. Wina wa mu ofesi amaonjezera ndalama pa malipiro a wantchito watsopano, kenaka amabwera chamseri nati: "Talakwitsa, katapeni mundipatse pamanja, inu mutengepo ya sopo." M'mabuku mwalembedwa dzina la watsopanoyo. Ofufuza akabwera, dzina lakelo ndi limene amalipeza, pomwe wotenga ndalama uja alibe chizindikiro chilichonse. Amasankha watsopano chifukwa sadziwa kayendetsedwe ka pamalopo ndipo amaopa kukana. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Zoterezi zikakuchitikirani, kanani, ndipo kauzeni mkulu wa pamwamba pa munthuyo. Ngati ndi ndalama za boma, bungwe la ACB, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1995, limalandira madandaulo otere.

Chenjeraninso ndi mbava za pa foni. Zimatumiza uthenga wonamizira kuti ndalama zalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kenaka zimaimba kuti zatumiza molakwika ndipo mubweze. Musanabweze kanthu, yambani mwaona ngati ndalamazo zalowadi mu akaunti yanu.

5. ZOYENERA KUCHITA

(a) Musadye. Siyani ndalama zapamwambazo pamene zili. Gwiritsani ntchito zokhazo zimene mudagwirizana.

(b) Yerekezani ndi chikalata chanu cha ntchito ndi peyisilipi. Werengani masiku ndi maola amene mudagwira. Nthawi zambiri yankho lili pomwepo.

(c) Funsani msanga, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Pitani kwa amene amakonza malipiro kapena kwa bwana weniweni. Mau ake ndi ochepa: "Bwana, tidagwirizana zakuti, koma ndalandira zakuti. Ndimafuna ndidziwe ngati zili bwino."

(d) Siyani umboni. Lembani kakalata kapena uthenga wa pa foni, ndipo sungani. Ngati kulemba kumakuvutani, pitani ndi mnzanu wokhulupirika kuti akhale mboni.

(e) Akati ndi zanu, thokozani, ndipo funsani ngati zizibwera mwezi ndi mwezi kapena ndi za kamodzi kokha. Musakatenge katundu pa ngongole podalira bonasi imene sidzabweranso.

(f) Akati ndi adivansi, gwirizanani polemba kuti azidula zingati ndiponso kwa miyezi ingati.

(g) Akati adalakwitsa, bwezani ku akaunti ya kampani kapena kwa msungichuma, ndipo landirani lisiti. Musabweze m'manja mwa munthu kuseri kwa nyumba.

(h) Ngati mwadya kale musanazindikire, musathawe ntchito ndipo musaname. Kaululeni nokha, ndi kupempha kuti muzibweza pang'onopang'ono.

Mau amodzi kwa ife makolo ndi achibale. Nthawi zambiri mwana amadya ndalama zotere chifukwa cha ife. Tsiku la malipiro lisanafike tamuwerengera kale: malume akufuna ya mafuta a boti, azakhali ya mankhwala. Akatiuza kuti pali ndalama imene sakuimvetsa, timulimbikitse kukafunsa. Tisamutche wopusa kapena wodzikonda.

6. BWANA NAYENSO ALI NDI UDINDO

Ena mwa ife muno timalemba anzathu ntchito: m'maboti, m'magolosale, m'nyumba. Chilungamo chikutifunsa nafenso. Ngati mukupereka mphatso, nenani kuti ndi mphatso. Ngati ndi ngongole, nenani pomwepo, osati kudzadzidzimutsa munthu kumapeto kwa mwezi. Ngati mudalakwitsa ndinu, musalange wantchito pomudula malipiro a mwezi wonse kuti ana ake agone ndi njala. Kambiranani. Ndipo mukapeza kuti mudamupatsa zochepa, muthamange kukonza monga momwe mukadathamangira zikadakhala zopitirira. Maepiskopi athu, m'kalata yao ya pa 8 Malichi 1992, adadandaula poyera za malipiro ochepa a antchito ndi za kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka. Sikelo ya chilungamo ndi imodzi kwa bwana ndi kwa wantchito.

Mukasemphana osamvana, kadandauleni kwa ofesala wa boma woona za ntchito. Zikakanika pamenepo, pali khoti lotchedwa Industrial Relations Court, limene limazenganso milandu ku Mzuzu.

7. CHIKUMBUMTIMA CHA MKHRISTU

Wina anganene kuti: "Bwanayu amandilipira zochepa, choncho izi zangobwezera." Dandaulo la malipiro ochepa likhoza kukhala loona, ndipo lili ndi njira yake: kukambirana, bungwe la antchito, ofesi ya za ntchito. Koma kudzilipira mobisa kumakulandani mphamvu yodandaula, chifukwa tsiku limene zidzaululike, wolakwa adzakhala inuyo. Mpingo umaphunzitsa kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri limaletsa kusunga dala chinthu cha mwini, monganso limaletsa kulipira antchito mopondereza, ndipo kuti kulapa kwenikweni kumafuna kubweza.

M'buku la Genesis, mutu 42 ndi 43, abale a Yosefe adapeza ndalama zao m'matumba a tirigu amene adagula ku Ejipito. Kwao kunali njala yoopsa. Komabe Yakobe adawalamula kuti pobwerera atenge ndalamazo, poganiza kuti mwina wina adalakwitsa. Atafotokoza nkhaniyo kwa kapitao wa Yosefe, iye adawauza kuti asaope, palibe mlandu. Kufunsa sikudawatayitse kanthu. Ndi mmenenso zilili kwa ife: ngati ndalama ndi zanu, mukafunsa zikhalabe zanu, ndipo mudzadya ndi mtima wokhazikika. Ngati si zanu, mwapulumutsa ntchito yanu ndi dzina la banja lanu.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Ndi angati mwa ife amene ali pa ntchito ali ndi chikalata cha ntchito ndipo amalandira peyisilipi? Amene alibe tingawathandize bwanji kuti afunse popanda mantha?

2. Kodi ife makolo timawapanikiza bwanji ana athu pa malipiro ao oyamba?

3. Pa ndalama za mphakati, za komiti ya sukulu kapena za banki m'khonde, timachita chiyani msungichuma akapereka zopitirira kapena zoperewera?

4. Mnzathu akatiuza kuti wina wa mu ofesi akufuna kudutsitsa ndalama pa dzina lake, timulangize zotani?