Batire yakufa si chinyalala wamba

Lero tikambe za mtovu, chitsulo cholemera chotuwa chija asodzi amamangirira ku maukonde. Ambirife tili nawo pakhomo osadziwa. Uli m'batire ya sola yomwe timatchajira foni, uli m'batire ya galimoto ndi ya njinga yamoto. Mukamanyamula batire n'kumva kulemera, kopitirira theka ndi mtovu. Padziko lonse, mtovu wambiri umene mafakitale amagula umathera m'mabatire omwewa. Wina umagwira ntchito kuchipatala, kutchinga cheza cha X-ray.

Ubwino wa mtovu ndi wakuti suguga. Umatha kusungunulidwa n'kupangira batire yatsopano kambirimbiri. N'chifukwa chake ogula zitsulo zakale amazungulira m'makwalalamu kusaka mabatire akufa. Vuto lagona pa kasungunulidwe kake. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, kutentha komwe makala amakwanitsa. Ndiye munthu amaswa batire ndi nkhwangwa, asidi n'kukhuthulira pansi, zam'katimo n'kuziika m'chitini pambaula kuseri kwa nyumba. Utsi ndi fumbi lake zimatera pabwalo pomwe mwana akukwawa. Kenako chala chilowa mkamwa.

Musaganize kuti ndikungokuopsezani. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha mtovu wa m'mabatire omwe anthu ankaswera m'mudzi. Kwa anansi athu ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi, chifukwa ukalowa m'dothi suola. Bungwe la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Kwa mwana umawononga ubongo, ndipo ubongo ukawonongeka subwereranso. Timangoti mwanayu sagwira za m'kalasi, osadziwa pomwe zinayambira. Kwa akuluakulu umakweza BP ndi kuwononga impso, ndipo mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba.

Ndiye titani? Batire ikafa, musaiswe, musaitsanule asidi, musaitaye kudzala. Ikhale yotseka, choimirira, pamalo ouma pomwe ana safika. Pogula yatsopano, funsani wogulitsa ngati amalandira yakale. Wogula zitsulo akabwera, mufunseni kuti akukaiswera kuti. Akati kunyumba kwake, ndalama imeneyo ikupiteni. Amene mumagwira ntchito m'magalaja, sambani ndi sopo musanadye, ndipo ovolosi isalowe m'nyumba momwe mukugona ana.

Mafuta a petulo okhala ndi mtovu anatheratu padziko lonse mu 2021 chifukwa anthu analimbikira. Za mabatirezi nazonso n'zotheka. Chaka chilichonse kumapeto kwa Okutobala kumakhala sabata yokumbutsana za kuopsa kwa mtovu. Pempho langa ndi ili: isanafike sabata imeneyo, aliyense wa ife ayendere nyumba zisanu, awerenge mabatire akufa omwe alipo, afotokozere eni ake zomwe tamva lerozi. Tidzabwere ndi manambalawo pa msonkhano, tidzagwirizane kowapititsa.