Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Zolembedwa Zakale ku Degue

Olemekezeka oimira boma la chigawo cha Tete, oimira khonsolo ya mzinda wathu, akuluakulu a dera lino la Degue, mafumu ndi anyakwawa, ansembe, abusa ndi mashehe, ogwira ntchito ku laibulale amene mwatikonzera chionetserochi, aphunzitsi, amayi amene mwatilandira ndi nthungululu, abambo, ndi inu ana a sukulu amene mwapirira dzuwa la Tete kuyambira m'mawa, ndakulonjerani nonse. Abale anga a Chinyungwe, mundilole ndiyankhule Chinyanja, tikumvana ndithu.

Tete analengezedwa kukhala mzinda pa 21 Malichi 1959, koma mbiri yake ndi yakalekale. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka kuno kupita ku Kilwa, ndipo nkhani ya ulendowo imatchula Muzura, mfumu ya Amaravi. Mu 1831 António Gamitto anayambira kuno ulendo wa kwa Kazembe, nalemba za miyambo ya Amaravi ndi Achewa m'buku limene linatuluka ku Lisbon mu 1854. Ndipo inu eni ake a dera lino, kodi mukudziwa kuti dzina lanu limawerengedwa m'mayunivesite akunja? Katswiri wathu wofukula zakale, Mayi Solange Macamo, anafufuza malo a Degue-Mufa, ndipo dzinalo lili pamutu weniweni wa buku lawo. Dziombereni m'manja!

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Zambiri za makolo athu zinalembedwa ndi alendo, ndipo zikusungidwa kutali. Nyumba yosunga zolembedwa zakale za dziko lino, Arquivo Histórico de Moçambique, inakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ili ku Maputo, mtunda wopitirira makilomita 1,500 kuchokera pano. Zina zili ku Lisbon. Mwana wa ku Degue akafikako liti?

Wina anganene kuti pepala silidyedwa. Mverani izi. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi m'midzi yozungulira, kufupi konkuno. Akanakonda kuti nkhaniyo ikwiririke. Koma ansembe anakhala pansi ndi opulumuka, nalemba mayina a ophedwa, mmodzimmodzi. Mayinawo anafika m'manja mwa Adrian Hastings, amene anaulula nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julaye 1973. Boma la Portugal linakana, linakanitsitsa, koma mayina anali atalembedwa kale. Patapita zaka pafupifupi 50, mu 2022, nduna yaikulu ya dzikolo, António Costa, inapepesa ku Maputo. Amene analemba mayina aja anawachitira abale athu chilungamo chimene mfuti inawamana.

Tsono ndikudzudzuleni pang'ono, mwachikondi. M'masutukesi mwanu muli ziphaso za nthawi ya chibalo, makalata a agogo ochokera ku migodi ya ku Joni, makadi a m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, zithunzi za maukwati. Zina mukukolezera moto, zina mwasiyira chiswe. Amayi kumbuyoko mukuseka, mukudziwa chimene mwakulungira mandasi dzulo! Bweretsani mapepalawo ku laibulale, awajambule, ndipo enieniwo mubwerere nawo kunyumba.

Inu anyamata ndi atsikana, foni zimene mumaonera mpira zimathanso kujambula mawu. Khalani pansi ndi agogo anu, muwafunse mmene ankaolokera Zambezi mlatho wa Samora Machel usanamangidwe, muwafunse kumene anali pa 4 Okutobala 1992, tsiku limene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome. Ayankhe m'chiyankhulo chawo, musawakakamize Chipwitikizi. Aphunzitsi, ntchito imeneyi muziipereka ngati ya kunyumba, ndipo muziichonga.

Kwa a khonsolo, pempho langa ndi laling'ono: chipinda chimodzi chosadontha, kabati yokiya, ndi munthu wophunzitsidwa kusamala zimenezi konkuno ku Degue.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa. Ayambe kulowa ndi agogo athu, ana atsatire pambuyo.